Momwe mungapindulire ndi PlayStation Plus osaononga ndalama ndi bandulo

Ambiri akagula makina osewerera magemu a PS4 kapena PS5 amaganiza kuti akalipira PlayStation Plus, dongosolo la kampani ya Sony lolipira pa mwezi kapena pa chaka kuti muzipeza magemu, ndiye kuti magemu onse ndi awo. Ayi ndithu. Zili ngati nyumba ya lendi: mukamalipira mumakhalamo, mukasiya chitseko chimatsekedwa. Komanso mwininyumba amatha kutulutsamo katundu wina inu mukadali momwemo. Mvetsani zimenezi musanatulutse ndalama yanu.

Yambani ndi akaunti. Dziko la Malawi silili pa mndandanda wa mayiko amene Sony imatsegulira akaunti, n'chifukwa chake ambiri amasankha South Africa. Pamenepa musapupulume, chifukwa dziko limene mwasankha simungadzalisinthenso. Vocha yolipirira nayo iyenera kukhala ya dziko lomwelo. M'bale wanu wa ku Joni akakugulirani ya ku South Africa igwira ntchito, koma ya ku America ikanidwa.

Kenako sankhani gawo. Kuyambira mu June 2022 magawo alipo atatu. Essential imakulolani kusewera ndi anzanu pa intaneti ndipo imakupatsani magemu angapo mwezi uliwonse. Extra imaonjezera nkhokwe ya magemu mazanamazana a PS4 ndi PS5, yotchedwa Game Catalog. Lachitatu ndi Premium, limene ku South Africa limatchedwa Deluxe, ndipo muli magemu akale a PS1, PS2 ndi PSP. Ine ndimalangiza Extra kwa munthu amene wangogula makina ndipo alibe madisiki ambiri. Ngati nkhani yanu ndi mpira wokhawokha ndi anzanu, Essential yakukwanirani.

Tsopano apa ndi pamene anthu ambiri amalira. Magemu a mwezi ndi mwezi ndi osiyana kwambiri ndi a m'nkhokwe. A mwezi ndi mwezi amatuluka Lachiwiri loyamba la mweziwo. Lowani, dinani Add to Library pa gemu iliyonse, ngakhale imene simukuifuna lero. Simukufunika kuitsitsa, ndiye bandulo siitha. Mukatero gemuyo yalembedwa pa dzina lanu; mutasiya kulipira miyezi itatu n'kudzayambiranso, mudzaipeza ikukudikirani. Mukaiwala kudina mwezi n'kutha, yapita.

A m'nkhokwe ndiye amabwera n'kumapita. Sony imagwirizana ndi makampani opanga magemu kwa nthawi yoikika, ndipo nthawiyo ikatha gemu imachotsedwa. Ngakhale munaitsitsa kale, mudzangoona kachizindikiro ka loko pambali pake. Zimapweteka mtima kwabasi ukafika pakati pa nkhani usiku, m'mawa n'kupeza loko. Choncho musanayambe gemu yaitali, pitani pa Last Chance to Play muone amene atsala pang'ono kuchoka. Chotonthoza n'chakuti pamene munafika sipafufutika, ndipo mukadzaigula gemuyo mudzapitiriza pomwepo.

Musanadine Download, onani kukula kwake. Magemu akuluakulu amadutsa 50GB, ena mpaka 100GB, ndipo kwathu kuno bandulo yotsitsira gemu imodzi yotere imatha kudula kuposa mwezi wonse wa PlayStation Plus. Yambani ndi ang'onoang'ono, alimo abwino zedi osafika 10GB. Akuluwo atsitseni usiku kapena pa Wi-Fi yopanda malire, makina ali pa Rest Mode (ogona koma osazimiratu). Magetsi akazima, nthawi zambiri kutsitsa kumadzapitirira pamene kunalekera. Malo akachepa, musafufute gemu imene inakudyerani ndalama: isamutsireni pa hadi draivu ya USB. Ya PS4 mutha kuisewera pomwepo, koma ya PS5 muyenera kuibwezera kaye m'makina.

Pali kanthu kena kamene ambiri amakadumpha. Pa PS5 pitani ku Settings, Users and Accounts, Other, n'kutsegula Console Sharing and Offline Play. Pa PS4 ndi Activate as Your Primary PS4. Izi zimathandiza kuti magemu azitseguka netiweki ikavuta, komanso kuti ana ndi ena a m'nyumbamo azisewera pa maakaunti awo osalipiranso.

Pomaliza, malipiro amadzibwereza okha nthawi ikatha. Ngati simukufuna kudzadzidzimuka ndalama zitadulidwa, lowani pa Subscriptions mu akaunti yanu n'kuletsa kudzibwerezako tsiku lomwelo limene mwalipira. Masiku amene mwalipirira mudzawagwiritsabe ntchito mpaka atathe.