Mmene mungasanjire nyimbo mufoni kuti musamasakesake

Loweruka lina tinali pa chinkhoswe cha mphwanga kufupi ndi Khombedza. Nthawi ya perekaniperekani itakwana, mnyamata amene tinamusiyira sipika anayamba kusaka nyimbo mufoni mwake. Anthu anali ataimirira kale, ndalama zili m'manja, koma chimene chinatuluka ndi mawu a mayi wina akufunsa mtengo wa usipa ku Senga Bay. Unali uthenga wa pa WhatsApp. Ana anaseka mpaka kugudubuzika, ankhoswe okha ndiwo sanaseke. Nyimbo mufoni muja zinalimo zambirimbiri, kungoti zonse zinangothiridwa pamodzi ngati mphale yosapeta.

Njira imene ndimadalira ine ndi yoika nyimbo m'mafoda pa memori khadi. Foni itha kubedwa kapena kugwera m'madzi, pulogalamu itha kufufutika, koma foda ya pa khadi imapita nanu kulikonse.

Choyamba, pezani khadi yoyenera. Nyimbo ya MP3 yapakatikati, ya 128 kbps, imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi imodzi. Ndiye kuti nyimbo ya mphindi 4 ndi 4 MB, ndipo mu 1 GB mulowa nyimbo ngati 250. Khadi ya 8 GB kapena 16 GB ikukwanirani ndithu. Musathamangire ya 64 GB poganiza kuti kukula ndiye ubwino. Makhadi ofika 32 GB amabwera m'kalembedwe kotchedwa FAT32, kamene mafoni a mabatani, mawailesi a m'galimoto ndi masipika ambiri amawerenga bwinobwino, pomwe oposa pamenepo amabwera ndi exFAT, imene zipangizo zambiri zoterezi siziizindikira. Samalaninso ndi makhadi achinyengo. Amalembedwa 32 GB koma mkati ndi kakang'ono, ndipo mukadutsa malire ake enieni nyimbo zimayamba kukana kulira ngakhale mayina ake akuonekabe. Mukagula, idzazeni tsiku lomwelo, kenako muyese nyimbo zoyamba kulowa ndi zomaliza. Ikakhala ndi vuto muibweze wogulitsa asanakuiwaleni.

Chachiwiri ndi chachifupi koma chapweteka ambiri. Mafoni ena a Android, mukalowetsa khadi, amafunsa ngati mukufuna ikhale Portable storage kapena Internal storage. Sankhani Portable. Mukasankha inayo, khadi imakiyidwa kuti izigwira mufoni imodzi yokhayo, ndipo tsiku limene foniyo idzafe, nyimbo zidzafera limodzi.

Chachitatu, tsegulani Files kapena File Manager, lowani pa khadi, pangani foda yaikulu yotchedwa Music, ndipo m'kati mwake mupange ang'onoang'ono. Apa ndiye pagona nkhani. Ambiri amagawa potengera dzina la woimba, koma ine ndimati gawani potengera nthawi imene mumazifuna. Kwaya pazokha, kaswida pazokha, zaukwati, zakale za pa wailesi, zovina, zogonera, zapaulendo. Munthu ukakhala mu minibasi ya ku Nkhotakota, mwadutsa Benga, netiweki ikubwera n'kupita, suganiza za dzina la woimba, umangofuna zoti zikuperekeze. Foda ikafika nyimbo zoposa 100, igaweninso. Mafoda asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu ndi okwanira, akachuluka mudzayambanso kusochera.

Chachinayi, sonkhanitsani zimene zamwazika. Nyimbo zimabisala m'malo anayi: mu Download, mu Bluetooth, mufoda ya Xender, ndi mu WhatsApp Audio. Pa mafoni a Android 11 kupita m'tsogolo, ya WhatsApp imapezeka mukalowa mu Android, kenako media, kenako com.whatsapp. Dinani fayilo kwa kanthawi, sankhani Move, osati Copy, kuopa kukhala ndi nyimbo imodzi kawiri. Zochokera pa WhatsApp zimabwera ndi mayina oyamba ndi AUD otsatizana ndi manambala, osadziwika mutu ndi mchira. Mverani pang'ono, dinani Rename, lembani dzina la woimba ndi la nyimbo, koma .mp3 ya kumapetoyo musaikhudze. Ngati mukufuna zizilira motsatana, monga za pa mwambo, yambani mayina ndi 01, 02, 03. Mukalemba 1, 2, 3, zipangizo zina zimaika 10 patsogolo pa 2. Ntchitoyi ndi yotopetsa, sindikunamizani. Ine ndinaigwira madzulo atatu, ndili pakhonde kuthawa kutentha kwa Okutobala.

Chachisanu, sankhani choimbira. Chimene chimabwera ndi foni ya itel kapena Tecno chimagwira, bola chikhale ndi poonetsa mafoda. Chikapanda kutero, ikani VLC. Ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda, ndipo imalira popanda data. Mu Settings mwake muli malo osankhira mafoda amene iziwerenga. Chongani Music yokha, enawo muwachotse. Mukatero mayi wa usipa uja sadzalowereranso pa chinkhoswe cha eni ake. Playlist, mndandanda wa nyimbo zosankhidwa, ndi yabwino pokonzekera tsiku limodzi, koma kawirikawiri imakhala m'kati mwa pulogalamu, ndiye mukasintha foni imatsala.

Za kumene mumatenga nyimbo. Anyamata oika nyimbo m'makhadi pa Kamuzu Road ku Salima ndi m'misika ina amathandiza, koma kompyuta imene imalandira makhadi a anthu tsiku lonse sichedwa kutola vairasi, ndipo ina imabisa mafoda anu n'kusiya zithunzi zake zokha. Pitani ndi khadi yapadera yaing'ono, mukafika kunyumba musamutse mafayilo a MP3 okha. Kumbukiraninso kuti nyimbo ndi thukuta la wina. Ndi chifukwa chake kuli bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa ntchito za aluso, ndipo amene amaimbira gulu pa malonda, monga m'mabala ndi m'malo ogona alendo, amayenera kukhala ndi chilolezo. Pomwe pali njira yogulira nyimbo kwa mwini wake, guleni. Boomplay, Audiomack ndi Spotify nawo alipo, koma nthawi zambiri zimene mwasunga m'menemo zimalira m'pulogalamu momwemo basi, simungazisamutsire pa khadi kuti mukaike mu sipika.

Chachisanu ndi chimodzi, koperani foda yonse ya Music pa khadi ina kapena pa fulashi, muisunge m'kabotolo kouma. Khadi imafa osadwala. Ndipo musamaizule foni ikuyaka. Zimitsani kaye foni, kapena lowani mu Settings, Storage, mudine Eject.

Tsiku la mwambo, tchajani foni idzaze, ikani pa Flight mode, kenako muyatsenso Bluetooth, imagwirabe. Motero palibe amene angakuimbireni nyimbo ili pakati, ndiponso batire imakhalitsa. Tsegulani foda ya zaukwati, zimitsani Shuffle yosokoneza ndondomeko ya nyimbo, yambani pa 01, ndipo foniyo musapatse mwana aliyense amene abwere kudzati "amalume, ndiikeko yanga imodzi yokha."