Mmene mungapewere chigumukire cha chipale chofewa m'mapiri a ku Scotland

Pa 12 Marichi 2019, chipale chofewa chinagumuka m'khwawa lotchedwa Number 5 Gully pa Ben Nevis, phiri lalitali koposa ku Scotland, ndipo anthu atatu okwera mapiri anamwalira. M'mapiri a ku Scotland, ngozi yotereyi kawirikawiri imayambitsidwa ndi mphepo, choncho musanakwere m'nyengo yachisanu muyenera kudziwa kumene mphepo yakhala ikuchokera masiku apitawo.

Yambani ndi lipoti lochenjeza za zigumukire la bungwe la Scottish Avalanche Information Service, lomwe limatuluka tsiku lililonse kuyambira pakati pa Disembala mpaka Epulo, ndipo limafotokoza za madera asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Lochaber, Glencoe ndi Northern Cairngorms. Kukula kwa ngozi kumayezedwa kuyambira pa 1 mpaka 5. Nambala 3 musaione mopepuka poganiza kuti ili pakatikati, chifukwa pamenepo phazi la munthu mmodzi likhoza kugumula mtsetse wonse. Onaninso mbali za phiri zimene lipotilo latchula kuti ndi zoopsa.

Mphepo imasesa chipale kumene ikuwomba n'kukachiunjika kuseri kwa phiri, moti ikachokera kumadzulo, chipale chimadzaza m'makwawa oyang'ana kum'mawa. Chipale chounjikidwachi chimagwirana n'kuuma ngati thabwa, koma pansi pake pakhoza kukhala china chosagwirana, chonga shuga. Mukaponda, chapansicho chimafwamphuka ndipo thabwa lonselo limatsetsereka nanu pamodzi. Choopsa kwambiri n'chakuti pamwamba pake pamaoneka posalala ndiponso poyendeka bwino. Izi zimachitika makamaka pamitsetse yopendekeka madigiri 30 mpaka 45, ndipo tsiku loyamba ndi lachiwiri mkuntho utangodutsa ndiwo masiku ofunika kusamala koposa.

Poyenda, yang'anitsitsani pansi. Mukaona ming'alu ikuthamanga kuchokera pamene mwaponda, mukamva chipale chikutitimira ndi kaphokoso kapansipansi, kapena mukaona pamene pagumuka chatsopano, bwererani. Ine ndimaona kuti chizindikiro chimodzi chokha mwa izi n'chokwanira, ngakhale nsonga ya phiri itatsala pafupi bwanji. Yendani m'mizere ya phiri imene mphepo yasesa, koma mutalikire m'mphepete mwa phompho, pomwe chipale chimalendewera ngati khonde lopanda mzati. Ngati palibe njira ina koma kudutsa pamtsetse wokayikitsa, dutsani mmodzimmodzi, enawo akuyang'anira ali pamalo otetezeka.

Aliyense anyamule fosholo, ndodo yaitali yofufuzira m'chipale, ndi kachipangizo ka transceiver kothandiza kupeza munthu wokwiririka, ndipo muyesere kuzigwiritsa ntchito musanapite. Mwa anthu khumi ofukulidwa mkati mwa mphindi 15, pafupifupi asanu ndi anayi amapezeka amoyo, koma theka la ola likadutsa ambiri amakhala atabanika kale. Mnzanu akakwiririka, mmodzi aimbe 999, apemphe apolisi kenako gulu lopulumutsa anthu m'mapiri, pamene ena nonse mwayamba kale kufufuza kuchokera pomwe munamuona komaliza kulowera kumunsi.