Kulowetsa Maenje Ofufuzira Nthaka mu Pulogalamu Yowerengera Dothi Lokumba

Musanalowetse dzenje lililonse mu Civil 3D (pulogalamu ya pakompyuta yojambulira mapulani a zomangamanga) kapena pulogalamu ina yotere, tsimikizani kuti manambala osonyeza malo akutsata dongosolo limodzi. Zomba ili mu zoni 36S ya UTM (dongosolo logawa dziko lapansi m'zigawo pamapu), koma mapu akale amatsata muyezo wa malo wa Arc 1950 pomwe GPS imapereka wa WGS 84, ndipo kusakaniza ziwirizi kumasuntha dzenje kulichotsa pamalo ake enieni.

Konzani mafayilo awiri a CSV (mafayilo a tebulo, onga omwe amasungidwa mu Excel). Yoyamba ikhale ndi dzina la dzenje, malo ake, kukwera kwa nthaka pakamwa pake ndi kuya kwake konse. Yachiwiri isonyeze pomwe mtundu uliwonse wa dothi ukuyambira ndi pomwe ukuthera, monga katondo kuchokera pamwamba kufika mamita 2, kenaka mwala wofumbutuka, ndipo pansi pake thanthwe. Mtundu umodzi ukhale ndi dzina limodzi m'maenje onse, chifukwa kompyuta ikapeza kalembedwe kosiyana imayesa kuti ndi dothi lina.

Chofunika kusamala kwambiri ndi polumikiza maenje. Pulogalamu imangojambula mzere kuchokera padzenje lina kufika palinzake, koma m'tsinde mwa phiri la Zomba muli miyala ikuluikulu yogumuka kumtunda, yomwe chobowolera chikaigunda, munthu angaganize kuti wafika pathanthwe. Chakunsi kolowera kunyanja ya Chilwa, makande amatha kupezeka m'dzenje limodzi n'kusowa m'lotsatira, choncho muuze pulogalamu kuti makandewo athere pakati pa maenje awiriwo.

Pomaliza dulani chithunzi cham'mbali chosonyeza kusanjikizana kwa dothi pansi pa nthaka, muchiyerekeze ndi zolemba za obowola, musanawerengetse kuchuluka kwa dothi ndi thanthwe, popeza mitengo yokumbira ziwirizi imasiyana kwambiri.