Nthawi yofikira ya pa tikiti ya ndege ndi ya kumene mukutera

Amene mukunyamuka pa Kamuzu International Airport kupita ku Nairobi, samalani powerenga tikiti. Mtundawu ndi wa makilomita pafupifupi 1,400, ndipo ndege yosaima panjira imauluka maola awiri ndi mphindi zochepa. Koma tikiti imaonetsa ngati maola atatu, chifukwa nthawi yofikira amalemba ya ku Kenya, yomwe ili patsogolo ndi ola limodzi.

Mukangokhala pampando, kankhirani wotchi yanu patsogolo ndi ola limodzi. Izi n'zofunika kwambiri ngati mukukakwera ndege ina pa bwalo la ndege la Jomo Kenyatta ku Nairobi, chifukwa wotchi ya kwathu idzakunamizani kuti nthawi ikadalipo anzanu akukwera kale. Ku Addis Ababa n'chimodzimodzi. Opita ku Johannesburg musasinthe kanthu, nthawi yawo ndi yathu yomweyi.