Momwe mungayendetsere kafakitale ka chiponde pakhomo panu kuno ku Harare

Ambiri mwa ife amene makolo athu anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique tinakula ndi malipiro a m'mafakitale a ku Workington, Southerton ndi Willowvale. Ntchito zimenezo zinachepa, ndipo lero anthu akudzipangira okha katundu: mipando ku Glen View, ziwiya zachitsulo ku Siyaso, chiponde kuseri kwa nyumba ku Mufakose ndi Epworth. Ineyo ndinagwirapo ntchito m'fakitale ya zakudya, ndipo zimandiwawa ndikaona mbale wakongola ndalama, wagula makina ogayira, koma ntchito ikungoyenda mwachisawawa mpaka mpamba kutha. Chimene chimasowa ndi dongosolo la momwe katundu amayendera kuchokera pakhomo lolowera kukafika pakhomo lotulukira. Dongosololi silifuna ndalama, ndipo nditengera chitsanzo cha chiponde, chomwe anzathu Achishona amati dovi.

Choyamba, jambulani ulendo wa mtedza

Tengani pepala mulembe malo onse amene mtedza udutse: kulandira, kusankha, kukazinga, kuziziritsa, kufikisa ndi kupeta, kugaya, kuthira m'mabotolo, kumata mapepala. Mukatero ikani matebulo ndi makina motsatira ndondomeko imeneyo, mtedza uzingopita kutsogolo osabwerera. Thumba lafumbi lochokera kumsika lisakumane ndi botolo losatseka. Mafakitale aakulu amayendera nzeru yomweyi. Henry Ford atayamba kuyendetsa galimoto pamzere m'fakitale yake ya ku Highland Park ku America mu 1913, munthu aliyense ataima pamalo ake, nthawi yolumikiza galimoto imodzi inatsika kuchoka pa maola oposa 12 kufika pa ola limodzi ndi theka.

Chachiwiri, gulani ndi kusankha mosamala

Apa ndiye pagona nkhani. Mukapita ku Mbare Musika musangoona pamwamba pa thumba. Pisani dzanja mpaka pansi, mulume njere zingapo. Mtedza wouma bwino umathyoka ndi kaphokoso, wachinyezi umangofwafwanyika m'mano. Alipo ena amene amanyowetsa makoko kuti asende mosavuta, ndipo mtedza wotere suchedwa kugwira chuku. Chukucho chimabala poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndipo amatha kuyambitsa khansa. Moto wokazingira sumuthetsa. Kumbukirani kuti chiponde chanu amayi akachithira m'phala la mwana wamng'ono.

Choncho yalani mtedza patebulo pamalo owala, muchotse njere zofota, zoboola, zakuda ndi zosweka, pamodzi ndi timiyala tomwe timaononga makina. Zotayazo musapatse nkhuku. Mukamaliza kukazinga ndi kufikisa sankhaninso kachiwiri, chifukwa khungu lofiira likachoka njere yowola m'kati imaonekera poyera. Matumba aikeni pamatabwa, asakhudze pansi kapena khoma, ndipo mulembe tsiku limene afika. Lomwe layamba kufika ndilo liyambe kugwiritsidwa ntchito.

Chachitatu, pezani pomwe ntchito imachedwa

Ambiri apa sapaganizira n'komwe. Kwa masiku atatu khalani ndi wotchi ndi sikelo, muyeze makilogalamu amene gawo lililonse limamaliza pa ola. Tiyerekeze kuti makina anu amagaya makilogalamu 30 pa ola, koma chokazingira chimatulutsa 12 basi. Ndiye kuti fakitale yanu ndi ya makilogalamu 12, ngakhale mutagula makina ogayira achiwiri. Chizindikiro chake n'chosavuta: pomwe mabeseni aunjikana akudikira, pamenepo ndi pomwe pali vuto. Ndalama ndi anthu muwonjezere pamenepo. Nthawi zambiri mupeza kuti ndi posankha, chifukwa ndi ntchito ya manja ndi maso, ndipo sifuna liwiro.

Magetsi nawo aganizireni pokonza tsiku. Kusankha, kupeta ndi kumata mapepala sizifuna magetsi, ndiye zisungireni nthawi yomwe azima. Akabwera, mtedza ukhale uli chire, wongoyembekezera kugayidwa.

Mtedza ukachoka pamoto uyaleni msanga kuti uzizire, apo ayi umapitiriza kupsa ndi kutentha kwake komwe n'kuyamba kuwawa. Mabotolo akhale ouma kwenikweni, ndipo musatseke chiponde chikadali chotentha, poti thukuta la pansi pa chivindikiro ndi madzi.

Chachinayi, gawani maudindo

Fakitale yaikulu imakhala ndi ogula zipangizo, opanga, oyesa ubwino wa katundu, osunga, okonza makina ndi ogulitsa, ndipo kapitawo amayang'anira shifiti. Inu mwina mulipo anthu atatu, koma maudindo onsewa akhalepo ndipo aliyense adziwe wake. Lamulo limodzi lokha musaliphwanye: wokazinga asakhale yemweyo wonena kuti mtedza wapsa bwino. Munthu savuta kukhululukira dzanja lake. Ngati mukugwira ndi achibale, muuzane zimenezi tsiku loyamba, kuti mphwanu akabweza beseni la amalume pasakhale kukwiyirana.

Chachisanu, lembani zonse m'kope

Ulendo uliwonse wogaya upatseni nambala, yomwe kufakitale amati batch. M'kope mulembe tsiku, kumene mtedza unagulidwa, kulemera kwake usanasankhidwe, kulemera kwa zotaya, mchere umene mwathira ndi chiwerengero cha mabotolo. Nambala yomweyo ikhale pabotolo, ndipo botolo limodzi lisungeni pashelefu. Mwini tuckshop akadzadandaula, mudzadziwa thumba lomwe linalakwa ndiponso masitolo ena amene analandira katundu yemweyo.

Kope lomweli ndilo likuuzeni mtengo. Makilogalamu amene mwagula si amene amalowa m'botolo, chifukwa zotaya, khungu ndi chinyezi zimadya gawo lake. Phatikizani mtedza, mchere, mabotolo, mapepala, magetsi kapena nkhuni, kombi, lendi ndi malipiro, anu omwe, kenako mugawe ndi mabotolo amene atulukadi. Ikaninso kangachepe pambali ka miyala kapena malamba a makina, amene amatha mosachenjeza.

Mukafuna kuti katundu alowe m'masitolo akuluakulu, yambani ndi dipatimenti ya zaumoyo ya khonsolo ya mzinda wa Harare, imene imayendera malo opangira zakudya. Za msonkho mukalembetse ku ZIMRA, bungwe la boma lotolera misonkho, za antchito ku NSSA, bungwe loona za penshoni ndi chipukuta misozi cha ovulala pantchito. A Standards Association of Zimbabwe ali ndi malabotale oyezera zakudya. Pitani ndi botolo lanu pamodzi ndi kope lija, mukapemphe kuti ayeze aflatoxin musanasindikize mapepala ambiri.