Kaphikidwe ka Nyama ya Ng'ombe Yotsika Mtengo Kuti Ifewe Bwino

Nyama ya ng'ombe yotsika mtengo kawirikawiri imachokera ku ziwalo zimene ng'ombeyo inkagwiritsa ntchito kwambiri ili moyo, monga miyendo, khosi, phewa, chifuwa ndi mchira. Minofu ya malo amenewa imakhala yolukanalukana ndi timitsempha toyera tolimba, timene timapangidwa ndi chinthu chotchedwa kolajeni, ndipo n'chifukwa chake nyama yotere ikawotchedwa mofulumira imakanika kutafunika. Kolajeni yemweyo akakhala nthawi yaitali m'madzi otentha madigiri 70 kapena kuposerapo pa muyezo wa Celsius amasungunuka pang'onopang'ono n'kusanduka jelatini, amene amafewetsa nyama ndi kulimbitsa msuzi mpaka umanamatira pamilomo. Choncho zimene zimatsitsa mtengo wa nyamayi n'zomwenso zimaikometsa ikapatsidwa nthawi yokwanira. Wophika ayenera kukhala ndi maola osachepera atatu, poto wokhuthala pansi wokhala ndi chivundikiro chokwana bwino, ndiponso moto umene angathe kuuchepetsa.

Pogula, ine ndimasankha nyama ya mwendo yodulidwa pamodzi ndi fupa lake, chifukwa mafuta a mkati mwa fupa amasungunukira mumsuzi ndipo palibe chokometsera cha m'botolo chimene chingafanane nawo. Nyama ya paphewa imapsa msanga pang'ono ndipo ili ndi mnofu wambiri, pamene ya pachifuwa ili ndi mafuta ochuluka amene mungafunike kuwachepetsa ndi mpeni. Mchira ndi wokoma kuposa zonsezi, koma mbali yaikulu ya kulemera kwake ndi mafupa ndipo ungafune maola anayi. Nyama yofiira yokhayokha, yopanda mafuta ndiponso yopanda timitsempha toyera, imaoneka bwino m'maso koma imauma ikaphikidwa nthawi yaitali, choncho musaisankhe pa kaphikidwe kameneka. Banja la anthu asanu ndi mmodzi lingakhute ndi kilogalamu imodzi ndi theka ya nyama ya mafupa, kapena kilogalamu imodzi ya mnofu wokha, pokumbukira kuti nyama imachepa ndithu ikapsa. Konzaninso anyezi awiri akuluakulu, tizidutswa tinayi ta adyo, tomato atatu akupsa bwino, makaroti atatu, mbatata zingapo, masupuni aakulu awiri a mafuta ophikira, mchere ndi tsabola wakuda.

Dulani nyamayo m'nthuli zazikulu, za masentimita anayi kapena asanu, chifukwa nthuli zing'onozing'ono zimanyenyeka ndi kutheratu mumsuzi nthawi isanakwane. Musachotse timitsempha toyera tija, pakuti ndi timene mukufuna. Chotsani mafuta olimba a pamwamba okha ngati achuluka kwambiri. Kenako pukutani nthuli iliyonse ndi pepala la kukhitchini kapena kansalu koyera mpaka iume, ndipo muiwaze masupuni aang'ono awiri a mchere. Kupukutako anthu ambiri amakuona ngati kutaya nthawi, koma nyama yonyowa siingafiire, popeza kutentha konse kwa poto kumayamba kuthera poumitsa madziwo.

Tenthetsani mafuta m'poto pa moto waukulu, ndipo muikemo nthuli zochepa zokha, zosagundana, kuti iliyonse ikhudze pansi pa poto. Zisiyeni osazitembenuza kwa mphindi zitatu kapena zinayi mpaka mbali ya pansi itafiira moderapo ndi kumatuka yokha, kenako muzitembenuze. Mukathira nyama yonse nthawi imodzi poto amazizira, nyama imatulutsa madzi ake n'kuyamba kuwira, ndipo imatuwa m'malo mofiira. Kufiira kumeneku kumachitika pamene mapuloteni ndi shuga wochepa wa m'nyama asintha chifukwa cha kutentha kopitirira madigiri 140, kumene madzi owira sangafikepo, ndipo katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, ndiye anafotokoza za kusintha kotereku mu 1912. Ena amanena kuti kukazinga kumatsekera madzi mkati mwa nyama, koma zimenezo si zoona. Phindu lake ndi fungo ndi kukoma kumene msuzi wonse udzatengera. Mukamaliza gulu loyamba liikeni m'mbale, ndipo mupitirize chimodzimodzi mpaka nyama yonse itatha.

Tsopano chepetsani moto ndi kuthira anyezi wodula m'mafuta otsalawo. Mukazingeni kwa mphindi zisanu ndi zitatu kapena khumi mpaka afewe ndi kuyamba kufiira, kenako onjezani adyo kwa mphindi imodzi yokha chifukwa akapserera amawawa. Thirani tomato wodula ndi kumusiya apse mpaka madzi ake atachepa. Pansi pa poto pamakhala patamatira zofiirira zochokera ku nyama, ndipo zimenezi siziyenera kutayidwa: thirani kapu imodzi ya madzi otentha ndi kupala ndi mthiko mpaka zonse zisungunuke. Koma ngati zada bii ndipo zikununkha kupserera, ndi bwino kutsuka potoyo musanapitirize, chifukwa kuwawa kwake sikungabisike ndi chilichonse.

Bwezerani nyama m'poto pamodzi ndi madzi amene yatulutsa m'mbale muja, ndipo muonjezere madzi otentha mpaka afike pafupi ndi pamwamba pa nyama koma osaimiza. Kawirikawiri mamililita 600 mpaka 750 amakwanira. Madzi ambiri amasukulutsa msuzi, ndipo n'kosavuta kuonjezera pambuyo pake kusiyana ndi kuchotsa.

Apa ndi pamene chakudya chonse chimakomera kapena kuonongekera. Madzi akangoyamba kuwira, chepetsani moto kwambiri, vundikirani poto, ndipo muonetsetse kuti pamwamba pakungotuluka timathovu tochepa mwa apo ndi apo. Msuzi usabwate. Kubwata kumafinya minofu mwamphamvu n'kutulutsa madzi ake onse, kotero kuti nyama imatha kumanyenyeka koma m'kamwa ikumveka youma ngati ulusi. Amene ali ndi uvuni angaike poto wovundikira mmenemo pa madigiri 150, ndipo njira imeneyi ndi yabwino chifukwa kutentha kumazungulira poto yense mofanana. Amene akuphika pa makala achotseko ena kapena awakwirire ndi phulusa pang'ono. Mphindi 30 zilizonse vundukulani, takasani mosamala, ndipo ngati madzi achepa kwambiri muthire otentha, osati ozizira.

Pakatha ola limodzi mukalawa, mudzapeza kuti nyama yalimba kuposa mmene inalili yaiwisi, ndipo apa ndi pamene ophika ambiri amataya mtima n'kukoleza moto. Kulimba kumeneku n'kwachibadwa, chifukwa minofu imayamba yakhwinyata kolajeni asanasungunuke mokwanira. Moto waukulu sungathandize kwenikweni, popeza madzi a m'poto wamba sapitirira madigiri 100 ngakhale abwate chotani. Chimene chatsala ndi kudikira basi. Nyama ya paphewa imafewa pakatha maola awiri ndi theka, ya mwendo maola atatu, koma ng'ombe yokalamba ingafune nthawi yoposa pamenepo, choncho musadalire wotchi yokha. Bayani nthuli yaikulu ndi foloko: ikalowa popanda kukankha ndipo mnofu ukagawanika mukaipotoza pang'ono, nyama yapsa. Poto wa pressure cooker, amene amatsekeka zolimba n'kusunga nthunzi mkati, amafupikitsa ntchitoyi kufika pa mphindi 45 mpaka ola limodzi chifukwa mkati mwake madzi amatentha pafupifupi madigiri 120, ngakhale kuti msuzi wake umakhala wamadzimadzi ndipo umafunika kuuwiritsa popanda chivundikiro pambuyo pake.

Makaroti ndi mbatata muziike kutatsala mphindi 40 kuti nyama ipse, zodulidwa zikuluzikulu. Mukaziika pachiyambi zimasungunuka zonse, ndipo kukoma kwake kumatayika. Zimathandizanso pa nkhani ya ndalama, chifukwa zimamwa msuzi ndi kuchulukitsa chakudya, mwakuti nyama yochepa imakwanira anthu ambiri popanda wina kuona ngati wamanidwa.

Nyama ikafewa, phulani poto ndi kumusiya mphindi khumi kuti mafuta ayandame, kenako muwawengule ndi supuni. Ngati msuzi ndi wochuluka, chotsani nyama ndi zamasamba, wiritsani msuziwo pa moto waukulu popanda chivundikiro mpaka ulimbe, ndipo mubwezeremo zonse. Msuzi wa nyama ya mwendo nthawi zambiri umalimba wokha chifukwa cha jelatini, koma wa nyama ina mungaulimbitse pophwanyiramo mbatata imodzi kapena ziwiri, zimene ine ndimaona kuti n'zabwino kuposa kuthira ufa. Lawani mchere pa nthawi imeneyi, osati poyamba, chifukwa msuzi ukamachepa mchere umakula. Thirani tsabola wakuda, ndipo ngati mukumva kuti msuzi walemera ndi mafuta, supuni yaing'ono imodzi ya viniga kapena madzi a mandimu imaupepukitsa modabwitsa. Perekani chakudyachi chili chotentha pamodzi ndi mpunga, buledi kapena chilichonse chimene chingamwe msuzi.

Ngati tsiku la chakudyacho mudzakhala wotanganidwa, phikani dzulo lake, popeza nyama yogona mumsuzi wake imakoma kwambiri ndipo mafuta amauma pamwamba n'kuchotseka mosavuta. Chakudya chotsala chiyenera kulowa m'firiji pasanathe maola awiri chichokereni pamoto, ndipo ndi bwino kuchigawa m'mbale zosazama kuti chizizire msanga, chifukwa poto wamkulu wodzaza amasunga kutentha pakati kwa nthawi yaitali ndipo tizilombo toyambitsa matenda timachulukana m'chakudya chofunda. M'firiji chimasungika masiku atatu kapena anayi. Musadabwe mukapeza msuzi utaundana ngati phala lozizira, chifukwa ameneyo ndi jelatini uja ndipo amasungunuka akangomva moto. Potenthetsanso, thirani madzi pang'ono, ikani pa moto wochepa, ndipo mudikire mpaka msuzi uwire ndi nthuli zitenthe mpaka mkati.