Mmene mungamangire ma lens akale pa kamera ya mirrorless

Ngati mwagula kamera ya mirrorless (yopanda kalilole mkati) yatsopano koma ndalama za ma lens zatha, ma lens a makamera akale otchedwa rangefinder amagwira bwinobwino bola mupeze adapter yoyenera, kachitsulo kolumikizira lens ku kamera. Nkhani yonse ili pa mtunda wochoka pa mount (pomangira lens) kufika pa sensor (kachipangizo kolandira chithunzi mkati mwa kamera), pa mirrorless Sony E ndi 18mm, Nikon Z 16mm pomwe pa rangefinder ya Leica M ndi 27.8mm, ndiye adapter imangodzaza mpata wotsalawo basi, mulibe galasi mkatimo.

Yambani mwaona mount ya lens yanu. Yopotokola ngati Jupiter-8 ya ku Soviet Union ndi M39, koma samalani, ma lens ena a Zenit alinso M39 koma si a rangefinder, pa adapter ya M39 ya rangefinder focus sitheka. Jupiter-12 nayo galasi lake lakumbuyo limalowa kwambiri mkati, musakakamize.

Mukamanga lowani mu menu mulole kamera izijambula ngakhale isakuona lens, apo bii shutter ikana. Ikani kamera pa A (kuti izisankha yokha liwiro la shutter), aperture (kabowo kolowetsa kuwala) muzitembenuza pa lens pomwepo, yatsani focus peaking (yomwe imaonetsa ndi mtundu pomwe pali focus), komabe ine ndimakhulupirira kwambiri kukulitsa chithunzi pa screen maso a munthu aoneke bwino. Pa kamera ya sensor yocheperako ya APS-C, lens ya 50mm imakhala ngati 75mm ndiye pojambula amayi ogulitsa nthochi mumsika wa Mzuzu mubwerere m'mbuyo ndithu, apempheni kaye.

Chinyezi cha kuno chimameretsa nkhungu m'magalasi, musanalipire walitsani tochi ya foni mkati, mukaona timizere ngati ukonde wa kangaude isiyeni. Yanuyo muzisunga m'kontena yotseka bwino ndi silica gel.